Maso pa phazi, khutu pa mpira

Amene mumakonda mpira wamiyendo mukudziwa mtolo wa wonyamula mbendera. Amafunika aone nthawi imene mpira wachoka paphazi la wopatsira, komanso pamene wolandirayo waima, zonsezo kamodzin'kamodzi. Mu baseball, masewero amene ndimayimbira komanso kuphunzitsa ena kuyimbira, mtolo wotere uli pa base yoyamba, chizindikiro choikidwa pansi chimene womenya mpira amathamangira kukaponda.

Womenya akamenya mpira n'kugwera pansi, amathamangira ku base yoyamba, mtunda wa mamita pafupifupi 27. Wa timu inayo amatola mpirawo n'kuponyera mnzake amene waponda base ija. Mpira ukakhala woyamba kulowa m'golovesi, womenyayo watuluka. Phazi lake likayamba kuponda, wapulumuka. Nthawi zambiri ziwirizi zimasiyana pang'ono kwambiri kuposa kuphethira kwa diso, ndipo munthu sangayang'ane pansi ndi m'mwamba nthawi imodzi.

Ndiye timawaphunzitsa chiyani atsopano? Maso akhale pa base kuti uone mapazi onse awiri, la wothamanga ndi la wogwira, koma mpirawo uwumve ndi khutu. Mpira wa baseball ndi wolimba, ukalowa m'golovesi yachikopa umalira kuti phwa! Kulira kukayamba phazi lisanafike, dzanja limakwera, "Out!" Phazi likayamba, manja amatambasuka, "Safe!" Wophunzira amayamba ndi kudabwa ndikamuuza kuti asatsatire mpira ndi maso mpaka m'golovesi, chifukwa chibadwa cha munthu n'kutsatira chimene chikuuluka. Amauona pochoka m'dzanja la woponya, akatsimikiza kuti ukupita bwino amatsitsa maso.

Pali zinanso ziwiri zimene ndimakakamira. Choyamba n'chakuti uime chilili seweroli lisanachitike, chifukwa mutu ukamagwedezeka maso amanama. Kuima pamalo pamene ukuona mpata pakati pa phazi ndi base n'kofunika kuposa kuyandikira. Chachiwiri ndi kudekha. Woyimbira watsopano amafuula msanga poopa kuti anthu amuona ngati akukayikira, kenako mpira uja n'kugwa m'golovesi iye ataweruza kale. Timamuuza kuti aone, atsimikize kuti mpira wagwiridwadi, kenako alankhule. Oonerera amakonda kunena kuti zikafika pamodzi wothamanga ndiye wapambana. Ife timaphunzitsa kuti chimodzi chimayamba ndithu, ndipo ntchito yako n'kudziwa kuti ndi chiti.

Njirayi imavuta pamene woponya wamkulu wa timu, amene amatchedwa pitcher, ndiye akuthamangira kukaponda base. Anthu awiri akuthamangira malo amodzi, mpira ukubwera cham'mbali, mwina mofewa osalira bwino, bwalo lonse lili phokoso. Izi n'zimene zinamuonekera woyimbira Jim Joyce pa 2 June 2010 ku Comerica Park mumzinda wa Detroit. Armando Galarraga, pitcher wa timu ya Detroit Tigers, anali atatulutsa omenya 26 a Cleveland motsatizana, popanda ndi mmodzi yemwe wofika pa base. Anatsala ndi mmodzi kuti atulutse onse 27 motero, chinthu chimene kufika tsikulo chinali chitachitika ka 20 kokha m'mbiri yonse ya Major League Baseball, ligi yayikulu ya ku America. Jason Donald wa Cleveland anamenya mpira wapansi, Miguel Cabrera wa Detroit anautola n'kuponyera Galarraga, amene anaponda base Donald asanafike. Joyce anatambasula manja.

Anali woyimbira wa zaka zoposa 20 pantchito, wolemekezeka ndi osewera, ndipo anaima pamalo abwino. Masewero atatha anaonera kanema, anavomera poyera kuti walakwitsa, n'kupita kukapepesa Galarraga pamaso. M'mawa mwake Galarraga ndiye anabweretsa kwa Joyce pepala la mayina a osewera, Joyce akupukuta misozi. Nkhaniyi ndimaifotokozera gulu lililonse limene ndikuphunzitsa, ndipo mpaka lero imandigwira mtima.

Ambiri anafuna kuti mkulu wa ligi pa nthawiyo, Bud Selig, asinthe chigamulocho. Sanasinthe, ndipo ine ndimaona kuti anachita bwino. Malamulo a baseball amasiyanitsa zinthu ziwiri. Woyimbira akatanthauzira lamulo molakwika, mphunzitsi wa timu ali ndi ufulu wopempha kuti zikonzedwe pomwepo, oyimbira n'kukambirana. Koma funso lakuti anayamba ndani, phazi kapena mpira, ndi la kuona kwa woyimbira, ndipo pa nthawiyo linkathera pa iye. Ukatsegula khomo losintha chigamulo chotere masewero atatha, timu iliyonse yogonja idzabwera ndi chake.

Makanema anali atayamba kugwiritsidwa ntchito mu 2008, koma pa mipira ya home run yokha, yomenyedwa mpaka kudutsa mpanda wa bwalo. Kuyambira 2014 mphunzitsi akhoza kutsutsa chigamulo cha pa base yoyamba, ndipo oyimbira ena okhala ku New York amaonera kanema n'kugamula. Lero zija za Joyce zikanakonzedwa m'mphindi zochepa. Komabe makanemawo ali m'mabwalo akuluakulu okha. M'masewero a ana asukulu ndi m'maligi ang'onoang'ono, kumene woyimbira aliyense amayambira, nthawi zambiri oyimbira amakhala awiri basi pabwalo lonse. N'chifukwa chake mlungu woyamba ndimaimika wophunzira pafupi ndi base, ndimamuuza atsinzine, anthu n'kumaponya ndi kuthamanga, iye azingondiuza chimene wamva poyamba, chikopa kapena nsapato.