Mlandu wa Achebe ndi Conrad: mbiri ya Congo kuseri kwa buku limodzi

Mu February 1975, Chinua Achebe, wolemba mabuku wa ku Nigeria, anaima pamaso pa aphunzitsi ndi ophunzira a pa University of Massachusetts ku Amherst, m'dziko la America, n'kuyankhula zimene ambiri mwa iwo sanaziyembekezere. Iye anati Joseph Conrad, yemwe masukulu a ku Ulaya ndi ku America ankamuika m'gulu la akatakwe pa zolembalemba, anali munthu watsankho lenileni, ndipo buku lake lotchuka la Heart of Darkness siliyenera kutchedwa luso lapamwamba chifukwa limawavula anthu a mu Africa umunthu wawo. Conrad anali atamwalira kale mu 1924, choncho omuyankhira anali ena, ndipo anapezeka ambirimbiri. Akuluakulu amati mlandu suola. Uwu unayambira ku mtsinje wa Congo zaka 85 Achebe asanautule.

Mfumu Leopold II ya ku Belgium inkalakalaka dziko loti izililamulira kunja, pamene nyumba ya malamulo ya kwawo inalibe nazo chidwi. Mu 1876 inaitanitsa msonkhano ku Brussels wokambirana za kufufuza Africa ndi kuthetsa malonda a akapolo, ndipo anthu anaitama kuti ndi mfumu yachifundo. Kenako inalemba ntchito Henry Morton Stanley, amene kuyambira 1879 mpaka 1884 anayenda m'mbali mwa mtsinjewo n'kumasainitsa mafumu mazanamazana mapangano olembedwa m'chinenero chimene iwo sankachidziwa. Pofika nthawi ya msonkhano wa ku Berlin wa 1884 ndi 1885, womwe sunaitane munthu wa mu Africa ngakhale mmodzi, mayiko akuluakulu anavomereza kuti deralo likhale m'manja mwake. Dzina lake linali Congo Free State. Silinali dziko la boma la Belgium ayi, linali chuma cha munthu mmodzi, lalikulu kuposa Belgium maulendo oposa 70, ndipo mwiniwakeyo sanapondeko phazi mpaka imfa yake.

Conrad anafika kumeneko mu June 1890 atalembedwa ntchito ndi kampani ya ku Brussels yoti akayendetse sitima ya pamtsinje. Iyeyu sanali Mngelezi wobadwa. Anabadwa mu 1857 ku Berdychiv, komwe lero ndi ku Ukraine, m'banja la Chipolishi, pa nthawi imene Poland inali itagawidwa ndi maufumu oizungulira. Bambo ake anathamangitsidwira ku Vologda ndi boma la Russia chifukwa cholimbikira ufulu wa dziko lawo, ndipo mwanayo anapita nawo. Mayi anamwalira mu 1865, bambo mu 1869. Ndiye kuti munthuyu ankadziwa kuwawa kolamulidwa ndi alendo asanaone n'komwe Africa, ndipo omuikira kumbuyo amakonda kuyambira pamenepa.

Chifukwa cha mathithi, sitima sizinkatha kukwera kuchokera ku Matadi kufika ku Kinshasa, ndipo njanji inali itangoyamba kumangidwa chaka chomwecho. Conrad anayenda wapansi ndi amtengatenga kwa mwezi wathunthu ndi masiku angapo. M'kabuku kake ka paulendo analembamo za mitembo imene ankaipeza m'njira. Kuchokera ku Kinshasa anakwera sitima yotchedwa Roi des Belges mpaka ku Stanley Falls, komwe lero ndi Kisangani. Pobwerera ananyamula wantchito wa kampani wodwala kwambiri, Georges-Antoine Klein, yemwe anafera m'sitimamo. Conrad nayenso anagwidwa ndi malungo ndi kamwazi. Pangano lake linali la zaka zitatu, koma anakhalako pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi basi, n'kubwerera ku Ulaya thanzi litaonongekeratu.

Nkhani yake inatuluka mu 1899 m'zigawo zitatu m'magazini ya Blackwood's, ndipo mu 1902 inasindikizidwa m'buku. Wofotokoza ndi mmalinyero wina dzina lake Marlow, amene akusimbira anzake ali m'ngalawa pa mtsinje wa Thames. Akuyamba ndi kuwakumbutsa kuti England nayonso inali malo amdima m'maso mwa Aroma amene anaigonjetsa. Kenako akunena mosabisa kuti kugonjetsa dziko kwenikweni n'kulanda zinthu za anthu a khungu lina, ndipo si chinthu chokoma ukachiyang'anitsitsa. Ulendo wake ndi wokatenga Kurtz, wogula minyanga ya njovu amene anapita kumeneko ndi mawu okoma otukula anthu, koma akupezeka atazungulitsa nyumba yake ndi mitu ya anthu yosomekedwa pa mitengo. Lipoti lake lonena za kubweretsa chitukuko likuthera ndi mzere umodzi wolembedwa mothamanga woti onsewo angophedwa. M'njira Marlow akuona amuna omangidwa unyolo m'khosi, ndi ena amene anangokwawira pamthunzi kukadikira imfa ntchito itawatha mphamvu.

Amene amati bukuli limaulula nkhanza za atsamunda sakunama. Mu 1899 olemba ochepa kwambiri ku Ulaya akanalemba zoterezi. Komabe pali zinthu zofunika kuziona. Dzina la Congo silikutchulidwa m'nkhani ya Marlow, la Belgium ndi la Leopold nawonso kulibe. Ndipo Marlow akaona mapu, akusangalala ndi madera ofiira, omwe ndi a Britain, ati kumeneko ndiye kumagwiridwa ntchito yeniyeni. Owerenga a Blackwood's, ambiri mwa iwo okonda ufumu wa Britain, akanatha kunyansidwa ndi zochita za alendo a tsidya lina popanda kudzifunsa kanthu za kwawo.

Zimene Conrad anaona zinali za nthawi ya minyanga. Zoopsa zenizeni zinabwera iye atachoka. Mu 1888 John Boyd Dunlop anapanga tayala lopopa, njinga zinachuluka, kenako magalimoto, ndipo mphira unasanduka golide. Nkhalango za Congo zinali ndi mitengo yoyanga yotulutsa mphira. Boma la Leopold linagawira midzi mlingo woti izibweretsa, ndipo gulu lake lankhondo la Force Publique ndi alonda a makampani ankaonetsetsa kuti mlingowo wakwana. Akazi ankagwidwa ngati chikole mpaka amuna abwere ndi mphira. Chikoti cha chikopa cha mvuu chinali chakudya cha tsiku ndi tsiku. Akuluakulu a asilikali, poopa kuti zipolopolo zikuthera kusaka nyama, ankalamula kuti chipolopolo chilichonse chionetsedwe ndi dzanja lamanja la munthu amene waphedwa, ndipo mapeto ake manja ankadulidwa ngakhale kwa amoyo. Nkhondo, njala, thangata ndi matenda, makamaka kaodzera, zinapulula anthu. Adam Hochschild, m'buku lake la 1998 lotchedwa King Leopold's Ghost, anati chiwerengero cha anthu chinatsika ndi pafupifupi 10 miliyoni, koma akatswiri ena a mbiri amatsutsa nambalayi chifukwa kalembera wa anthu kunalibe pa nthawiyo.

Pamene pali mtima wa mkanganowu ndi apa: anthu amene zinkawachitikirawo sanali chete. Mu July 1890, Conrad ali m'dzikomo, George Washington Williams, munthu wakuda wa ku America amene anamenya nawo nkhondo yapachiweniweni ya kwawo, analemba kalata yapoyera ali ku Stanley Falls yoimba Leopold milandu mmodzimmodzi. Anamwalira chaka chotsatira ku Blackpool. William Sheppard, mmishonale wakuda wa ku America, anafika pamalo ena ku Kasai mu 1899 n'kuwerenga manja 81 odulidwa. Edmund Morel, kalaliki wa kampani ya sitima ya ku Liverpool, anazindikira pa doko la Antwerp kuti sitima zikubwera zodzaza mphira ndi minyanga koma zikubwerera ndi mfuti ndi zipolopolo, ndipo anati amenewa si malonda. Roger Casement, yemwe anakhalapo ndi Conrad ku Matadi mu 1890, anayendera madera a m'mbali mwa mtsinjewo ngati kazembe wa Britain mu 1903, nakhala pansi ndi anthu a m'midzi n'kulemba umboni wawo. Lipoti lake litatuluka mu 1904, boma la Britain linali litachotsamo mayina a mboni ndi a malo n'kuikamo zilembo chabe. Chaka chomwecho mmishonale Alice Seeley Harris anajambula bambo wina dzina lake Nsala atakhala pakhonde akuyang'ana dzanja ndi phazi la mwana wake wamkazi.

Leopold, pofuna kuziziritsa nkhani, anatumiza oweruza ake atatu kukafufuza. Anthu a ku Congo anabwera ambiri kudzapereka umboni, ndipo lipoti la mu 1905 linatsimikiza zambiri mwa zimene Casement ananena. Koma mawu enieni a mbonizo sanasindikizidwe, anatsekeredwa m'nkhokwe ya zikalata ku Brussels kwa zaka makumi ambiri. Mu 1908 boma la Belgium linalanda dzikolo m'manja mwa mfumu, n'kuilipiranso, ndipo mfumuyo isanapereke inatenthetsa zikalata zochuluka za boma lake. Conrad analembera Casement makalata odzudzula nkhanzazo, amene Morel anawagwiritsa ntchito, koma iye mwini sanalowe nawo gulu lawo lolimbana ndi nkhanzazo. (Casement anadzanyongedwa ku London mu 1916 chifukwa cholimbikira ufulu wa Ireland, ndipo Conrad anakana kusaina pempho loti amukhululukire.)

Tsono tibwerere kwa Achebe. Iye anabadwa mu 1930 ku Ogidi, kum'mawa kwa Nigeria, ndipo anaphunzira ku Ibadan kumene mabuku onena za Africa amene ankawerenga anali olembedwa ndi azungu. Dandaulo lake pa Conrad silinali loti anabisa nkhanza. Linali loti m'buku lonselo anthu a mu Africa ndi manja, miyendo, maso otong'oka ndi phokoso la m'mbali mwa mtsinje. Alibe mayina. Amaloledwa kuyankhula mawu omveka pamalo awiri okha: pamene wina akupempha kuti apatsidwe anthu awadye, ndi pamene mnyamata wantchito akulengeza kuti Kurtz wafa. Munthu wosonkhezera moto wa injini, amene waphunzira ntchito yake bwinobwino, Marlow akumufanizira ndi galu wovekedwa zovala. Chimene chikumuopsa Marlow si kusiyana kwake ndi anthuwa koma kuganiza kuti mwina ndi abale ake. Funso la Achebe linali lakuti: kodi dziko lonse la Africa n'kusandutsidwa bwalo chabe loonetserapo mmene mzungu mmodzi akupengera?

Oyankha anati Marlow si Conrad, ndipo wolembayo anaika dala tsankho m'kamwa mwa wofotokoza kuti owerenga alione. Cedric Watts, katswiri wa mabuku a Conrad, analemba yankho lotchuka mu 1983 motsatira maganizo otere. Achebe anali atawatsekera kale njira imeneyi, ponena kuti wolemba akafuna kudzipatula kwa wofotokoza wake amasiya poonera pena pamene owerenga angaimepo n'kumuweruza, ndipo Conrad sanasiye paliponse. Ine ndimaona kuti pamenepa Achebe anagwira pamutu. Yankho lina loti Conrad anali munthu wa nthawi yake nalonso limatsimphina, chifukwa Williams, Sheppard ndi Casement anali a nthawi yomweyo, pa mtsinje womwewo, ndipo anatha kufunsa anthu mayina awo. Katswiri wina wa zolembalemba, Edward Said, mu 1993 anaima pakati: anati Conrad anaona kuti utsamunda ndi kulanda, koma sanathe kuganiza kuti olandidwawo angadzilamulire okha.

Pomwe sindigwirizana ndi Achebe ndi poti bukuli lichotsedwe pa mndandanda wa mabuku aakulu. Phindu lake lili pomwepo pamene pali chilema chake, chifukwa limaonetsa polekezera chifundo cha munthu wa ku Ulaya wa nthawi imeneyo, ngakhale wozindikira kwambiri. Ndipo zimene zinachitika n'zosiyana ndi kulichotsa. Nkhani ya Achebe inasindikizidwa mu 1977 mu Massachusetts Review, ndipo pofika 1988 inali italowa m'kope la Norton la Heart of Darkness lenilenilo, moti ophunzira ambiri lero amawerenga awiriwa m'chikuto chimodzi. Yankho lake lamphamvu kwambiri anali atalipereka kale mu 1958 m'buku la Things Fall Apart, mmene anthu a ku Umuofia ali ndi miyambi, mabwalo a milandu, mikangano ndi zolakwa zawozawo. Kumapeto kwake bwanamkubwa wachizungu akuganiza zoti moyo wonse wa Okonkwo, mwini nkhani wa bukulo, ungakwane ndime imodzi m'buku limene iye akulemba.

Ku Congo kweniko, nkhani ya yemwe ayenera kuyankhula inaonekera poyera pa 30 June 1960, tsiku la ufulu wodzilamulira. Mfumu Baudouin ya ku Belgium inatamanda nzeru za Leopold II pamaso pa anthu a dzikolo. Patrice Lumumba, nduna yaikulu, sanali pa ndondomeko ya oyankhula, koma anaimirira n'kutchula zitonzo, zikwapu ndi thangata zimene anthu ake anapirira. Pa 17 January 1961 anaphedwa ku Katanga, apolisi ndi asilikali a ku Belgium ali pomwepo, ndipo thupi lake linasungunulidwa mu asidi. Mobutu anatenga boma mu 1965 n'kulamulira mpaka 1997. Atolankhani akunja akamalemba za mavuto onsewa, mpaka nkhondo za kum'mawa kwa dzikolo, mutu wa buku la Conrad umabwera msanga m'zolemba zawo, ngati kuti mdimawo ndi wachibadwa cha malowo, pamene m'bukumo wobweretsa mdima ndi Kurtz.

Pa 30 June 2020 Mfumu Philippe ya ku Belgium inalembera Pulezidenti Félix Tshisekedi wa ku Congo kalata yoti ikumva chisoni chachikulu ndi mabala a m'mbuyomo, ndipo inabwerezanso mawuwo ku Kinshasa mu June 2022. Mwezi womwewo Belgium inabweza kwa banja la Lumumba dzino lake, lomwe wapolisi wina analisunga kwa zaka zambiri. Komiti ya nyumba ya malamulo ya Belgium imene inakhazikitsidwa mu 2020 kuti iunike mbiri ya utsamunda inatha mu December 2022 popanda kuvomereza zimene inapeza, chifukwa zipani zinakanika kugwirizana ngati dzikolo liyenera kupepesa.