Ululu wa m'mbali mwa chiuno: musakoke mwendo, ulimbitseni

Ululu ukakhala pa fupa lotulukira kunja kwa ntchafu, pamene pamagunda mphasa munthu akagona chammbali, ambiri amangoti ndi nyamakazi. Kawirikawiri vuto limakhala pa mitsempha yomangirira minofu iwiri ya m'matako, gluteus medius ndi gluteus minimus, ku fupalo. Limakonda amayi a zaka 40 mpaka 60. Munthu akaima ndi mwendo wopwetekawo wokha, ululu umatha kubwera masekondi 30 asanathe.

Mitsemphayi imadana ndi kufinyika. Bondo likalowera mkati kupita ku mwendo unzake, mtsempha wautali wa kunja kwa ntchafu umaipanikizira pa fupa. N'chifukwa chake kukokera bondo ku phewa la mbali ina, komwe anthu amayesa mankhwala, kumangowonjezera vuto. Lekani kusanjikiza miyendo pokhala, kuima mopendekera mbali imodzi, ndi kutengera mwana pachiuno. Usiku gonani chagada, kapena gonerani mbali yabwinoyo mutaika mapilo awiri pakati pa mawondo.

Mafizo ake amayamba mofatsa. Gonani chagada, pilo kunsi kwa mawondo, ndipo mangani lamba kapena chitenje m'ntchafu pamwamba pa mawondo, miyendo itatalikirana pang'ono. Kankhirani miyendo kunja pang'onopang'ono, gwirani masekondi 5 mpaka 10, masulani. Chitani ka 10, kawiri pa tsiku. Zikayamba kupepuka, onjezani kukweza matako mutagona chagada, mawondo atapinda, mapazi ali pansi, kenako kudzuka pampando osagwira, kenako kuyenda chammbali. Pochita zonsezi bondo lisagwere mkati. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Kaululu pang'ono pochita si vuto, koma usiku kapena m'mawa mwake zikanyanya, mwapyola muyeso, chepetsani.

Jakisoni wa steroid, mankhwala ochepetsa kutupa omwe madokotala amabaya pamalo opwetekawo, amaziziritsa ululu msanga, koma salimbitsa mtsempha. Pa kafukufuku wa ku Australia wa mu 2018, wa anthu 204, patatha masabata 8 anthu 77 pa 100 alionse omwe anaphunzitsidwa za vutoli n'kumachita mafizo anati apeza bwino, pomwe obayidwa jakisoni anali 58.

Ngati ululu wayamba mutagwa ndipo mwendo sukuponda, kapena ukubwera ndi kutentha thupi, kapena dzanzi likutsika mpaka kuphazi, mafizo adikire. Pitani kuchipatala kaye.