Pulogalamu yogona pa sleep imafa osatsanzika

Ndatopa nawo mafoni akuti "pulogalamu ikuoneka kuti ikuyenda koma mauthenga sakubwera." Ndikapita kukatsegula ndimapeza zomwezomwezo: while True (lamulo loti ntchito izibwerezedwa osaleka), kantchito pang'ono, kenako sleep(300), kutanthauza kugona masekondi 300. Wolembayo anatenga ndalama zake kalekale, foni yake sikupezekanso.

Tiyambe ndi masamu. Mukufuna ntchito izichitika mphindi 5 zilizonse, kutanthauza ka 288 patsiku. Koma kugonako kumayamba ntchito ikatha. Ngati ntchitoyo imadya masekondi 40, ulendo umodzi ndi masekondi 340, ndiye patsiku mupeza ka 254 kokha. Izi n'zazing'ono, munthu angapirire.

Chomwe chimandisowetsabe mtendere ndi cha bambo wina wogulitsa nsomba cha ku Monkey Bay. Anamuikira kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi koyeza kuzizira kwa fuliza, kuti kutentha kukakwera kazimutumizira uthenga pafoni. Tsiku lina netiweki inadula pakati pa ntchito. Wolembayo sanaike timeout, malire a nthawi yodikirira yankho, ndiye pulogalamu inangokhala chidikirire yankho losabwera. Siinafe, siinadandaule, inangoima. Patapita masiku angapo fuliza inawonongeka, mwezi wa Okutobala, dzuwa la Mangochi likuswa mtengo. Uthenga sunabwere. Nditafika, fungo la chambo chowola linandichingamira panja pomwe, ntchentche zili ng'waa. Bamboyo anangoloza kabokosiko n'kunena kuti, "Komatu achimwene, kagetsi kake kakuyaka." Kankayakadi.

Ntchito yosunga nthawi musaipatse pulogalamu yanu. Ipatseni cron kapena timer ya systemd, zida za m'kompyuta zodzutsa pulogalamu pa nthawi yoikika, pulogalamu idzuke, igwire ntchito, ithe. Ikakanika ulendo uno, ulendo wotsatira imayambanso yatsopano. Komabe cron ili ndi zake. Magetsi akazima nthawi ya ntchito itakwana, ntchitoyo yapita, siibwezedwa. Timer ya systemd yokhala ndi OnCalendar (poikira nthawi) ndi Persistent=true (yokumbukira ntchito yophonyedwa) imaigwira kompyuta ikangoyaka, ndipo kwathu kuno, komwe magetsi amabwera ngati mlendo, imeneyi ndiye ndimasankha. Cron imathanso kuyambitsa ntchito yachiwiri yoyamba isanathe, mauthenga n'kupita kawirikawiri kwa munthu mmodzi. Mankhwala ake ndi flock, lamulo loletsa ntchito yachiwiri kuyamba yoyamba isanathe. Onaninso wotchi ya seva, kompyuta yomwe pulogalamu ikuyendapo: zambiri zimayendera UTC, nthawi ya padziko lonse, yomwe ili kumbuyo kwa nthawi yathu ndi maola 2.

Chilichonse chopita pa intaneti chikhale ndi timeout, osakambirana. Ndipo pulogalamu izitumiza kauthenga kamodzi m'mawa uliwonse kosonyeza kuti ili moyo, kuti tsiku limene sikadzabwera mudzanyamuke pompo, osadikira Lolemba.

Za asing'anga a kompyuta awa okopera zinthu pa intaneti osazimvetsa, musanawalipire afunseni funso limodzi: netiweki ikadula ntchito ili pakati, chimachitika n'chiyani? Akayankha kuti "mungozimitsa n'kuyatsanso," bwezani ndalama m'thumba.