Oswa miyala, fumbi ilo si la masewera

Inu amene mumaswa miyala ya kwale m'mbali mwa msewu, okumba golide, ngakhale inu odula matailosi ndi grinder, tamvani izi. Kuli matenda otchedwa silicosis amene amabwera chifukwa chopuma fumbi la miyala, ndipo alibe mankhwala ochiza, mapapo akaonongeka ndiye kuti aonongeka basi.

Vuto lili m'mwala momwemo. Miyala yolimba ngati granite imakhala ndi quartz, timiyala toyera tooneka ngati galasi tija. Mwala ukangokhala sulakwira munthu, koma mukauphwanya ndi hamala kapena kuuboola ndi makina pamatuluka fumbi, lina looneka ndi maso lomwe limatsakamira m'mphuno ndi kukhosi, lina laling'ono kwambiri moti simungalione n'komwe, ndipo limeneli ndi lomwe limalowa mpaka mkati mwenimweni mwa mapapo. Quartz sasungunuka m'thupi. Asilikali a m'thupi amayesa kulimeza fumbilo koma amafa ndi iwowo, pamalopo n'kutsala chipsera, zaka zikamapita zipsera zija zimachuluka mpaka mapapo kuuma osathanso kufutukuka bwinobwino. Fumbi la mwala wongoswedwa kumene ndiye loopsa kwambiri, ndiye amene wagwira hamala uja ndi amene ali pamoto.

Chovuta n'choti sizioneka msanga. Zimatha kutenga zaka 10, 20 kaya kuposa, munthu ntchitoyo anasiya kalekale, kenako ayambe kutsokomola kosatha, befu akangokwera kamtunda, kutopa, kuonda. Ena mpaka amathamangira kwa sing'anga ati walodzedwa. Komanso munthu wa silicosis amagwidwa TB mosavuta, pafupifupi katatu kuposa anzake, ndipo ngati alinso ndi HIV ndiye zimanyanya.

Azibambo athu amene anapita ku Joni pa Wenela ndi Theba, mabungwe aja ankalemba anthu ntchito za m'migodi, akuidziwa nkhaniyi, golide wa kumeneko amakumbidwa m'miyala yodzadza ndi quartz. Mu 2018 makampani 6 a migodi ya golide ku South Africa anavomera kupereka ndalama zokwana 5 biliyoni Rand za chipukuta misozi, n'kukhazikitsa Tshiamiso Trust yoona za amene anagwira m'migodi imeneyo pakati pa 1965 ndi 2019 n'kudwala silicosis kapena TB, a ku Malawi ali momo. Kulembetsa n'kwaulere, wina akamati mumpatse kaye kangachepe kuti akuthandizeni ameneyo ndi wakuba.

Nde mutani? Thirani madzi pamiyala musanayambe kuswa komanso muli mkati moswa, fumbi lonyowa siliuluka. Khalani mbali imene mphepo ikuchokera. Kansalu kapena mpango kumphuno sikatchinga fumbi laling'onoli, pamafunika masiki ya N95 yogwira bwino nkhope. Osasesa pouma. Zovala za kuntchito musamazikunthire m'nyumba, zichapeni pazokha. Ndipo amayi chonde, mwana kumsana uku mukuswa miyala ayi, naye akupuma zomwezo. Fodya siyani.

Zija amati ukamwa mkaka umatsuka fumbi m'chifuwa n'zabodza, mkaka umapita m'mimba, m'mapapo sufikamo.

Ngati mwatsokomola masabata awiri osasintha pitani kuchipatala akayeze makhololo, kuyeza ndi mankhwala a TB m'zipatala za boma n'zaulere. Koma muwauze adokotala ntchito imene mumagwira kapena imene munkagwira kale, ngakhale papita zaka 30, kuti akujambuleninso mapapo pa X-ray.