Mankhwala amadzi: werengani mlingo wa tsiku lonse musanammwetse mwana

Makolo ndi nonse osamalira odwala, ana akumafika kuchipatala atamwa mankhwala opitirira mlingo. Amene anawamwetsawo amawakonda ndithu, koma amakhulupirira kuti mankhwala akachuluka mwana achira msanga. Zimenezi si zoona, ndipo zimatha kupha mwana.

Tsiku la mankhwala ndi maola 24, kuphatikizapo usiku. Pabotolo pakalembedwa kuti 5 ml katatu patsiku, ndiye kuti 5 ml maola 8 aliwonse, mwachitsanzo 6 koloko m'mawa, 2 koloko masana ndi 10 koloko usiku. Pamodzi ndi 15 ml patsiku. Kawiri patsiku ndi maola 12 aliwonse, kanayi ndi maola 6. Ena amaphatikiza 15 ml yonseyo n'kummwetsa kamodzi kuti asadzuke usiku. Musatero, thupi la mwana silingathe kulandira zonsezo nthawi imodzi.

Yang'ananinso mphamvu ya mankhwalawo. Titenge parasetamo, amene ambiri timangowatchula kuti panado. Mlingo wa mwana umatengera kulemera kwake, pafupifupi 15 mg pa kilogalamu iliyonse. Mwana wa makilogalamu 12 amafunika 180 mg nthawi imodzi. Ngati pabotolo palembedwa 120 mg/5 ml (mu 5 ml iliyonse muli 120 mg ya mankhwala), ndiye kuti 7.5 ml, osapitirira kanayi pa maola 24, kutanthauza 30 ml basi. Koma palinso botolo la 250 mg/5 ml, ndipo maonekedwe ake angafanane ndi loyambalo. Mukathira 7.5 ml yomweyo kuchokera m'botolo limeneli, mwana wamwa 375 mg, kuposa kawiri mlingo wake. N'chifukwa chake mlingo wa mwana wa mnzanu, kapena wa botolo la chaka chatha, musaugwiritse ntchito. Funsani wazaumoyo akuwerengereni ndi kukulemberani pabotolo.

Poyeza gwiritsani sirinji yopanda singano kapena kakapu kokhala ndi mizere. Masupuni a kunyumba amasiyana kukula, chivindikiro cha botolo si choyezera, ndipo kumwa pabotolo ndiye ayi. Khutchumulani botolo kaye, chifukwa mankhwala ena amakhala pansi.

Tsopano chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri. Mwana watentha thupi, mwamupatsa panado, patha ola limodzi thupi likadali lamoto, ndiye mumati "mwina anachepa" n'kumuwonjezera. Chonde dikirani. Pakati pa mlingo umodzi ndi wina papite maola osachepera 4, ndipo ngakhale choncho musapitirire kanayi pa maola 24. Thupi likakana kuzizira, vuto si kuchepa kwa mankhwala. Pali matenda amene akufunika kuyezedwa, ndipo panado sachiza chimene chayambitsa kutenthako.

Nthawi zina palibe amene wawonjezera dala. Mayi amwetsa, atuluka, bambo kapena agogo amwetsanso osadziwa. Lembani papepala nthawi ndi mlingo uliwonse, pepalalo likhale pambali pa botolo. Mankhwala ambiri a chimfine ndi chifuwa alinso ndi parasetamo m'kati, choncho werengani musanaphatikize. Mukaiwala nthawi ina, musabwezere pommwetsa kawiri. Mwana akasanza atangomwa, funsani kaye musanabwereze.

Mvetsetsani izi, popeza ambiri amachedwera pamenepa. Parasetamo wochuluka amawononga chiwindi mwakachetechete. Tsiku loyamba mwana angathe kusewera ndi kudya bwinobwino, inu n'kumati zatha. Kupweteka kumtunda kwa mimba mbali ya kumanja, kusanza kosalekeza, kufooka ndi chikasu m'maso zimadzaoneka patatha tsiku limodzi mpaka atatu, chiwindi chitavulala kale. Mankhwala oteteza chiwindi alipo, koma amagwira bwino kwambiri akaperekedwa maola 8 asanathe kuchokera pamene mwana wamwa mlingo wopitirirawo.

Mukangokayikira kuti mlingo wapitirira, nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi usiku, kaya mwana akuoneka wamphamvu. Musamukakamize kusanza. Tengani botololo pamodzi ndi pepala lija, ndipo mukawauze anamwino kuchuluka kwa zimene wamwa ndi nthawi yake osabisa kanthu, chifukwa chithandizo chimene amupatse chidalira pa zimenezo.