Lamulo loletsa majumbo opyapyala: mafunso ndi mayankho

Kodi lamuloli likuletsa chiyani kwenikweni?

Likuletsa kupanga, kuitanitsa kunja, kugulitsa ndi kugawa mapulasitiki amene kukhuthala kwake sikufika mamaikironi 60 (maikironi ndi kamuyezo kakang'ono kwambiri; mamaikironi 1,000 ndiwo amapanga milimita imodzi). Boma la Malawi lidakhazikitsa lamuloli mu 2015. Kumsika palibe amene amayenda ndi choyezera, ndiye tingonena motere: ndi jumbo ija ya buluu kapena yakuda imene amakuikiranimo tomato kapena tchipisi cha pachiwaya, ija imabooka musanafike pasiteji.

Ngati lamulo ndi la 2015, bwanji majumbowa akadali mbwee?

Chifukwa kwa zaka pafupifupi 10 lamuloli limangokhalira kukhoti. Mu 2016 makampani opanga mapulasitiki adakatenga chiletso choimitsa lamuloli, ponena kuti bizinesi zawo zigwa ndipo anthu ambiri ntchito ziwathera. Mlandu udayenda mpaka kubwalo la apilo la Supreme, lomwe mu July 2019 lidagamula kuti lamulolo ligwire ntchito. Mu 2020 boma lidatsekako mafakitale angapo amene sadasiye kupanga majumbowa. Anthu ankayesa kuti zatha, koma mu 2021 kudabwera chiletso china. Chimenecho chitachoka mu June 2024, makampani 11 adathamangiranso kukhoti n'kutenga chinanso, chomwe bwalo lalikulu ku Lilongwe lidachotsa mu January 2025. Nthawi yonseyi makina ankangogubuduka. Rwanda idaletsa majumbo mu 2008, Kenya mu 2017, Tanzania mu 2019. Awiri otsirizawa tidawatsogolera polemba lamulo, koma pogwiritsa ntchito adatisiya kutali.

Chalakwa n'chiyani ndi jumbo yopyapyala? Si kapepala chabe?

Vuto lake ndi loti imagwira ntchito kamodzi, mwina kwa mphindi zochepa, koma siwola. Otola mabotolo ndi zitsulo saifuna chifukwa ilibe mtengo, ndiye imangouluka ndi mphepo. Ikafika m'ngalande imatseka njira ya madzi, ndipo mvula ikagwa madzi amasefukira m'misewu ndi m'makomo. Amene adaimapo pamlatho wa Mudi ku Blantyre kapena wa mtsinje wa Lilongwe pafupi ndi msika akudziwa zimene zimakolekera m'mabango. Jumbo yosunga timadzi ta mvula ndi malonso oswanirana udzudzu.

Kumudzi imapha ziweto. Mbuzi ikamva fungo la mchere kapena mafuta pajumbo imameza yonse. Pulasitikiyo sagayika, amaunjikana m'mimba, mbuzi n'kumaonda ngakhale msipu ulipo, mapeto ake kufa. Zimenezi ndi zomwe zidadzutsa Gloria Majiga-Kamoto, yemwe pogwira ntchito ndi alimi ku bungwe loona za chilengedwe la CEPA adaona mbuzi zawo zikufa motere. Adalimbikira kuti lamuloli ligwire ntchito ndipo mu 2021 adalandira mphotho ya Goldman, yomwe imaperekedwa kwa oteteza chilengedwe. M'munda namonso majumbo okwiririka amatchinga madzi ndi mizu.

Kodi pulasitiki aliyense ndi woletsedwa?

Ayi. Wokhuthala kuyambira mamaikironi 60 ndi wololedwa. Lamulo lidapatulanso zina, monga pepala lokutira buledi, timachubu tofesera mbande za mitengo ndi zokutira mankhwala.

Ndiye ndikamagula jumbo yokhuthala ija ya m'sitolo, ndathana nazo?

Pokhapokha ngati mukubwerera nayo. Jumbo yokhuthala ili ndi pulasitiki wambiri kuposa yopyapyala, choncho mukaitaya tsiku lomwelo mwangowonjezera zinyalala, ndalama yanunso yapita. Cholinga cha malire a 60 aja n'choti thumba likhale lolimba, lotsukika, loti muligwiritse ntchito kambirimbiri. Ambiri m'tauni ali ndi mulu wa majumbo otere kukhitchini, koma akafika pa tilu amagulanso ina chifukwa adaiwala kunyamula. Ipindeni, ikhale m'chikwama chimene mumayenda nacho.

Nanga kumsika tinyamulire chiyani?

Zimene ankanyamulira amayi athu majumbo asanabwere: dengu, chikwama cha mlaza, kapena chitenje. Nsalu yotsala kwa telala imasokedwa thumba labwinobwino, thumba la ufa lotha nalonso limatero. Pogula nyama, usipa wauwisi kapena mafuta oyeza, tengani kontena yotseka kapena botolo lanu. Zouma monga mtedza ndi nyemba zimakwana m'pepala wamba. Tchipisi chotentha ndiye chisamalowe n'komwe m'jumbo, mbale ilipo.

Kodi kuotcha majumbo si njira yabwino yowathetsera?

Ayi ndithu. Utsi wa pulasitiki uli ndi poizoni woononga mapapo, ndipo amene amaupuma kwambiri ndi mayi ndi mwana ali kumbuyo. Chizolowezi choyatsira mbaula ndi jumbo n'chofala chifukwa moto umagwira msanga, koma zitsononkho, timitengo touma kapena pepala zimayatsa makala bwinobwino.

Amene akuonetsetsa kuti lamuloli likutsatidwa ndani, ndipo wogulitsa tomato angagwidwe?

Ndi bungwe la Malawi Environment Protection Authority, MEPA mwachidule, lomwe lidakhazikitsidwa pansi pa lamulo la zachilengedwe la 2017. Lili ndi mphamvu zoyendera mafakitale ndi masitolo, kulanda katundu woletsedwa, kulipiritsa chindapusa ndi kutseka malo. Lamulo silipatula wogulitsa wamng'ono, choncho naye majumbo ake akhoza kulandidwa. Komabe kuthamangitsa mayi wa pabenchi pamene fakitale ndi opikulitsa akugwira ntchito n'kungotaya nthawi. Mayiyo amapereka jumbo chifukwa kasitomala wabwera chimanjamanja, ndipo akakana kumupatsa, kasitomalayo akagula pabenchi yoyandikana nayo.