Kuliza lipenga lopanda mabatani, munthu angadye nazo?

Anthu akaona lipenga lomwe ndimaliza amayamba kusaka mabatani, nde amadabwa kuti palibe. Lija mumaliona ku bandi ya apolisi lili ndi mabatani atatu otchedwa ma valve, koma amenewo anabwera mochedwa, oimba awiri, Stölzel ndi Blühmel, anawalembetsa ngati luso lawo ku Berlin mu 1818. Nthawi ya Bach ndi Handel, olemba nyimbo a mzaka za mma 1700, lipenga linali paipi ya mkuwa yopinda basi, yoti mutaiwongola imaposa mamita awiri.

Zonse zimachokera pa milomo ndi mpweya. Mmunsi manotsi ndi otalikirana ngati pa bugle ya asilikali, koma ukakwera mmwamba amayandikirana mpaka umatha kuliza nyimbo yeniyeni, dera limeneli amati clarino ndipo ndi pomwe pali thukuta lonse chifukwa ukaphonya pang'ono wagwera pa notsi ina ndipo holo yonse yamva. Ukamawerenga manotsi a paipiyi kuchokera pansi, ya nambala 11 ndi ya 13 sizikhala pomwe khutu likufuna, umachita kuzikoka ndi mlomo. Cha mma 1960 opanga malipenga anayamba kuboola timabowo totseka ndi chala kuti zipepuke, ndipo ambiri lero amaliza otero, ngakhale alipo ena monga Jean-François Madeuf omwe amaliza opanda bowo. Ine wophunzira wanga ndimafuna ayambe wazunzika kaye popanda bowo, khutu lake likhwime.

Njira yake ambiri amayamba ndi lipenga lamakono, kenako nkupita kusukulu za nyimbo zakale, monga Schola Cantorum ya ku Basel ku Switzerland yomwe inatsegulidwa mu 1933, komwe katswiri wa lipenga Edward Tarr anaphunzitsa zaka zambiri, kapena ku The Hague ku Netherlands.

Tsono nkhani ya ndalama. Magulu oimba ndi zida zakale ambiri salemba woliza lipenga ntchito yokhazikika, amakuitana pa konsati imodzi, mwina rekodingi, basi mwasiyana. December foni siipuma chifukwa cha nyimbo za Messiah ya Handel ndi Christmas Oratorio ya Bach, koma ikafika Lenti magulu omwewo amatanganidwa ndi ma Passion a Bach (nyimbo za masautso a Yesu), wa Mateyu ndi wa Yohane, momwe mulibe lipenga ngakhale limodzi, iwe uli phee kunyumba. Nchifukwa chake kuphunzitsa ndi theka la ntchitoyi, ndipo ndimadandaula ndikamva achinyamata akutenga uphunzitsi ngati kothawira munthu zikamukanika. Mwana wa zaka 10 akakufunsa chifukwa chomwe mawu ake akutuluka ofooka, sungamuonetse zomwe lilime lako likuchita mkamwa, uyenera kupeza mawu oti amve, ndipo pofufuza mawuwo kalizidwe kakonso kamawongoka.

Ngati muli kale mu bandi ya tchalitchi kapena yasukulu, yesani izi: osagwira batani lililonse, kwerani ndi kutsika manotsi ndi milomo yokha mphindi 10 tsiku lililonse, mofatsa, osakanikiza mouthpiece (kachitsulo koika pa milomo) pa mano.